Kodi Batire Limenelo Nlayani?

USIKU wa pa February 12, 2012, mudzi wathu wonse kuno kwa Ndake unasonkhana pabwalo la nyumba imodzi. Ena a inu munali kumsana kwa amayi anu, ndipo ena munali musanabadwe nkomwe. Anyamata a Chipolopolo anali kulimbirana chikho cha Afirika ndi Ivory Coast mumzinda wa Libreville, ndipo m'mudzi monse munali TV imodzi yokha, yaing'ono, yoyendera batire la galimoto. Batirelo linali la amalume anga, logulidwa ndi ndalama za thonje miyezi yoŵerengeka m'mbuyomo.

Dzulo lake, pa Loŵeruka, ndinali nditalimangirira pakaliyala ndi mphira ndi kupalasa njinga kumka nalo ku boma la Nyimba kukalitchajitsa. Mwamuna wotchajayo anali ndi mabatire ambiri atandandalikidwa pansi. Anandiuza kuti la amalume lifunikira kugona pamenepo kufikira maŵa, koma popeza ndinali wofulumira, iye akhoza kundipatsa lina lodzala kale ndi kutsala ndi lathulo. "Nchimodzimodzi, mphwanga," anatero. Dzuŵa linali litapendeka, kumwamba kunali kutada ndi mvula, chotero ndinavomera.

Mpirawo unatha mphindi 90 popanda chigoli. Anawonjezera zina 30, komabe zii. Pamene anafika pa mapenate, chithunzi chinayamba kufota, chinasanduka kadontho koyera pakati pa galasi, ndiyeno chinazima. Penate ya Stoppila Sunzu imene inapatsa Zambia chikhocho tinangoimva ndi makutu, titaunjikana pa kawailesi ka agogo ena. Batire limene ndinapatsidwa linali nkhalamba yotopa. Pamene ndinabwerera ku boma pa Lolemba, la amalume linali litapita kale ndi munthu wina wofulumira ngati ine. Sitinalionenso.

Ndakusimbirani zimenezi chifukwa chakuti mawu aja akuti "nchimodzimodzi" abweranso, ndipo tsopano avala suti. Magalimoto ndi njinga zamoto zoyendera magetsi zikufalikira padziko lonse. Boma la Zambia, mu bajeti ya 2024, linachotsa msonkho wa pamalire pa magalimoto, mabasi ndi njinga zamagetsi, kuphatikizapo ziŵiya zotchajira. Chotero zinthu zimenezi zidzatipeza, kaya tifune kaya tisafune. Ndipo inu achichepere amene mukusunga ndalama za mtedza, za soya kapena za nthochi kuti mugule honda yonyamulira anthu, tsiku lina mudzaima pamaso pa wogulitsa amene adzakulonjezani kuti simudzavutikanso ndi kutchaja. Ndikufuna kuti tsikulo lidzakupezeni mutaganiza kale.

Njira Ziŵiri

Batire la galimoto yamagetsi likatha mphamvu, pali njira ziŵiri zopitirizira ulendo. Yoyamba ndiyo kulitchaja, monga momwe mumachitira ndi foni. Mumalumikiza chingwe ndi kuyembekezera. Yachiŵiri ndiyo kusinthitsa. Mumafika pa siteshoni, amachotsa batire lopanda kanthulo, amaikapo lodzala, mumalipira ndi kupita. Nzofanana ndi zimene akuluakulu anu anali kuchita pagolosale, pamene munthu sanali kugula chakumwa popanda kubweretsa botolo lopanda kanthu.

Pali mfundo imodzi imene wogulitsa amainena mofulumira kwambiri, monga munthu wodumpha matope. M'njira yosinthitsa, batire si lanu. Nla kampani. Inu mumagula njinga yopanda mtima, ndipo mtimawo mumabwereka tsiku ndi tsiku.

Ine sindikutsutsa magetsi. Ndamva ena akuseka kuti, "Galimoto ya malaiti m'dziko la malaiti ozimazima?" Oseka ameneŵa amaiŵala kuti Zambia sakumba mafuta. Dontho lililonse la petulo limene limaloŵa mu honda ya ku Vizimumba limachokera kunja ndipo limagulidwa ndi madola. Mu 2022 bungwe la ERB linayamba kulengeza mitengo ya mafuta mwezi ndi mwezi, ndipo wonyamula anthu aliyense adziŵa mmene mtima unali kugundira kumapeto kwa mwezi. Njinga yamagetsi ilibe oilo wosintha, ilibe pulagi yopsa, ilibe kabuleta yoloŵa fumbi. Nchinthu chabwino. Chimene ndikutsutsa ndicho lingaliro lakuti ife a kumidzi tigule njinga zimene sizingayende popanda siteshoni ya kampani imodzi. Ndikunena kuti kwa munthu wa kwa Ndake, batire liyenera kukhala lake kapena la gulu lake, ndipo liyenera kukhala lotheka kutchajidwa kunyumba.

Zina Zimene Iwo Amanena Nzoona

Tisakhale ngati aja amene amapambana mkangano mwa kutseka makutu. Ochirikiza kusinthitsa ali ndi mfundo zolimba.

Batire ndilo chiŵalo chodula koposa cha njinga kapena galimoto yamagetsi. Mukalichotsa pamtengo wogulira, njingayo imatsika mtengo kwambiri, ndipo mnyamata wosauka akhoza kuifikira. Kusinthitsa kumatenga mphindi zoŵerengeka, pamene kutchaja pa soketi wamba kumatenga maola angapo, ndipo wonyamula anthu amene waima sakupanga ndalama. Batire likakalamba, monga momwe mabatire onse amachitira, mutu umaŵaŵa ngwa kampani osati wanu. Ndiponso mabatire a lithium akhoza kuyaka moto woopsa ngati atchajidwa mosasamala, chotero kuwatchajira pamalo amodzi oyang'aniridwa kuli ndi nzeru yake.

Njira imeneyi yagwiradi ntchito m'malo ena. Ku Taiwan, kampani ya Gogoro inayamba kusinthitsa mabatire a tinjinga tamoto mu 2015, ndipo inamanga malo osinthira zikwi zingapo. Ku Rwanda, kampani ya Ampersand inayamba malonda a njinga zosinthitsa batire mu Kigali mu 2019, ndipo pambuyo pake inaloŵa mu Nairobi. Kampani ya Spiro yachita zofananazo ku Benin, ku Togo, ku Uganda, ku Kenya ndi kwina. Boma la Rwanda linafika pa kuleka kulembetsa njinga zatsopano za petulo zonyamula anthu mu Kigali kuyambira mu January 2025.

Zonsezi ndikuzivomereza. Tsopano taonani mayina a malowo.

Kigali Si Kwa Ndake

Dziko lonse la Rwanda nlalikulu makilomita oposa pang'ono 26,000 m'mbali zonse zinayi. Chigawo chathu cha Kummaŵa nchachikulu pafupifupi makilomita 69,000, kutanthauza kuti Rwanda angaloŵemo koposa kaŵiri. Komabe kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 13 miliyoni ku Rwanda, pamene wa chaka chimodzimodzicho kuno anapeza anthu osafika 2.5 miliyoni m'chigawo chathu. Iwo ngothithikana ngati nthochi pamkoko. Ife tili patalipatali ngati milambe.

Kodi nchifukwa ninji zimenezi zili nkanthu? Talingalirani chimene siteshoni yosinthira ili. Kuti inu mupeze batire lodzala panthaŵi iliyonse imene mwafika, kampani iyenera kukhala ndi mabatire ochuluka kuposa njinga zimene zili pamsewu. Mabatire owonjezera amenewo ndi ndalama zogona pashelefu. Payenera kukhala nyumba, wantchito, mlonda wausiku ndi magetsi. Mu Kigali, kumene njinga zambirimbiri zimazungulira m'misewu imodzimodziyo kuyambira mbandakucha kufikira usiku, batire lililonse limatuluka ndi kubwerera kangapo patsiku, ndipo siteshoni imadzilipira yokha. Koma tiyerekeze kuti pa Kacholola pali anyamata khumi okhala ndi njinga zoterozo. M'nyengo yokolola iwo amayenda maulendo ambiri. Mu January ndi February, pamene misewu ya kumidzi yasanduka phala ndipo anthu alibe ndalama yokwerera, iwo amangokhala pansi pa mtengo kuseŵera nsolo. Kodi muganiza kuti munthu woŵerengera ndalama wokhala mu ofesi ku Lusaka kapena ku Nairobi adzasunga siteshoni yoteroyo kwa zaka zingati? Iye sadzaitseka chifukwa cha nkhanza. Adzangoyang'ana manambala.

Ndiyeno talingalirani mmene ulendo wa kuno uliri. Wa njinga wa mumzinda samatalikirana ndi siteshoni. Inu mumatengedwa pa boma la Nyimba kumka ku Hofmeyr, kapena kutsikira kuchigwa cha kwa Luembe, mutanyamula mayi, mwana ndi thumba la chimanga, m'mchenga ndi m'zitunda zimene zimadya batire mofulumira. Batire la njinga zimene zikugulitsidwa mu Afirika lerolino kaŵirikaŵiri limayenda makilomita pakati pa 60 ndi 80 pamsewu wabwino. Ngati njira yokha yopezera mphamvu ili pa boma, ndiye kuti mwamangidwa chingwe m'chuuno ngati mbuzi ya m'dzinja, ndipo mudzadya msipu wa pafupi ndi chikhomo basi. Odwala ndi amayi apakati amene amafunikira njinga koposa amakhala kutali, kumene chingwecho sichifika.

Phunziro la Better Place

Mwina mukuganiza kuti kampani yaikulu singagwe. Tamverani izi. Mu 2007 mwamuna wina wa ku Israel wotchedwa Shai Agassi anayambitsa kampani ya Better Place. Lingaliro lake linali lomweli: gulani galimoto, batire likhale lathu, mudzisinthitsa pa masiteshoni athu. Anthu achuma anaikamo ndalama zokwanira pafupifupi $850 miliyoni. Kampani ya Renault inapanga galimoto yoyenerera makina ake, yotchedwa Fluence Z.E. Masiteshoni okongola anamangidwa ku Israel ndi ku Denmark. Manyuzipepala anamtamanda monga munthu amene adzathetsa ulamuliro wa mafuta.

Mu May 2013 kampaniyo inagwa, itagulitsa magalimoto osafika 2,000. Masiteshoni anatsekedwa. Zindikirani kuti Israel ndi Denmark ndi maiko aang'ono, olemera, a misewu yatara ndi magetsi osazima. Zindikiraninso chimene chinachititsa kuti magalimotowo asasanduke makola a nkhuku: anali ndi polumikizira chingwe, chotero anali kutha kutchajidwa popanda siteshoni yosinthira.

M'chaka chomwecho, mu June 2013, Elon Musk anasonyeza khamu la anthu galimoto ya Tesla ikusinthidwa batire m'masekondi 90. Kampaniyo inamanga siteshoni imodzi pa Harris Ranch ku California. Eni magalimoto ambiri sanaifune, ndipo Tesla anasiya njirayo ndi kulimbikira kumanga malo otchajira.

Wina adzati, "Nanga bwanji NIO?" Inde, kampani ya NIO ya ku China inatsegula siteshoni yake yoyamba mu 2018 ndipo podzafika mu 2025 inali ndi masiteshoni oposa 3,000, kumene makina amasintha batire m'mphindi pafupifupi zitatu woyendetsa ali khale m'galimoto. Nzochititsa chidwi. Koma batire la galimoto yoteroyo limalemera pafupifupi theka la tani, monga matumba khumi a chimanga, ndipo siteshoni yake ndi fakitale yaing'ono yodzala makina odula. Magalimotowo ngamtengo wapatali, ogulidwa ndi anthu a m'mizinda ikuluikulu. Mu 2023 ndi mu 2024 kampaniyo inataya ndalama zoposa mayuan 20 biliyoni chaka chilichonse. Sindikunena kuti masiteshoni okha ndiwo anadya ndalamazo, koma ndi makampani angati amene angapirire bala lotero kaamba ka Nyimba ndi Petauke? Ndipo ngakhale galimoto ya NIO ili ndi polumikizira chingwe. Eni ake sanaike mazira onse a nkhuku m'chisa cha mphaka.

Ponena za mabasi ndi malole aakulu amene amayenda pa Great East Road kuchokera ku Lusaka kumka ku Chipata, mtunda woposa makilomita 500, nkhani yake njosiyana. Amayenda msewu umodzi tsiku ndi tsiku, ndipo mwini wake akhoza kukhala mwini wa mabatire ndi siteshoni yomwe. Ku China malole ambiri amasinthitsa mabatire mwanjira imeneyo. Imeneyo ndi nkhani ya eni mabasi, ndipo ndiisiya pomwepo.

Siteshoni Sipanga Magetsi

Pali chinyengo china chobisika m'mawu akuti "simudzayembekezeranso." Batire limene mwapatsidwa lodzala linatchajidwa ndi winawake, kwinakwake, ndi magetsi ochokera kwinakwake. Kusinthitsa sikuchotsa kutchaja. Kumangokubisa kuseri kwa khoma.

Nonse mukukumbukira 2024. Mvula inakana, chimanga chinapsa m'minda, ndipo pa February 29 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho nchatsoka la dziko lonse. Magetsi ambiri a Zambia amachokera kumadzi, ndipo nyanja ya Kariba inaphwa kwambiri kwakuti panafika nthaŵi pamene makina amodzi okha mwa asanu ndi limodzi a kutsidya lathu anali kuzungulira. Podzafika mu September, ZESCO inali kuzimitsa magetsi kwa maola 21 patsiku, ndipo malo ena anali kugona mumdima masiku angapo. Ometa tsitsi, owotcherera zitsulo ndi eni zigayo zamagetsi anakhala manja lende.

Tsopano ikani siteshoni yosinthira pa boma m'mwezi woterowo. Mabatire makumi angapo onse akulimbirana maola atatu a magetsi, kaŵirikaŵiri pakati pa usiku. Mwafika m'maŵa ndi lanu lopanda kanthu, ndipo wantchito akukuuzani kuti odzala atha. Kodi mudzapita kuti? Njinga yanu siilandira batire la kampani ina. Ngati inapangidwa kuti isamatchajidwe kunyumba, sola ya m'bale wanu singakuthandizeni. Pamene mzere umodzi wa magetsi wagwa, anyamata onse a m'deralo amagwa nawo tsiku limodzi.

Kuti ndikhale wachilungamo, njira yotchaja mofulumira kwambiri nayonso si yathu. Mu March 2025 kampani ya BYD inalengeza makina otha kuika mphamvu ya ulendo wa makilomita 400 m'mphindi zisanu. Makinawo amakoka makilowati 1,000. Yerekezerani ndi malo opangira magetsi a dzuŵa amene kampani ya ENGIE inatsegula mu 2019 pamudzi wa Chitandika, m'chigawo chathu chomwechi, a makilowati 28 okha, amene anayatsa nyumba, masitolo, sukulu ndi chipatala. Galimoto imodzi ikumwa panthaŵi imodzi mphamvu ya midzi yoteroyo yoposa 30! Zimenezo nza Shenzhen. Njira imene ndikuchirikiza ine njapang'onopang'ono, yosanyada, ya soketi wamba ndi dzuŵa.

Kodi Kiyi Ali ndi Yani?

Ambiri a inu muli ndi sola za ngongole panyumba, zija zimene mumalipira pafoni. Mudziŵa chimene chimachitika mukachedwa kulipira. Nyali imazima yokha, ngakhale kuti panelo ili padenga lanu ndipo dzuŵa likuŵala. Batire losinthitsa likhoza kupangidwa mwanjira imodzimodziyo. Lili ndi kakompyuta mkati, kamene kamauza kampani kumene lili, ndipo kakhoza kulitseka munthu ali kutali.

Nyali ikazima mumayatsa koloboyi. Koma njinga ndiyo munda wanu. Talingalirani mnyamata amene watenga njinga pangongole, amene afunikira kulipira ngongoleyo mlungu uliwonse, ndiyeno afunikiranso kulipira posinthitsa batire pamtengo umene kampani yokha imaika. Mtengo wa petulo, ngakhale kuti umatiliza, umalengezedwa poyera, ndipo petulo wa pa siteshoni ina iliyonse amaloŵa mu honda ina iliyonse. Mukayambana ndi wogulitsa wina mumapita kwa wina. Koma batire la kampani imodzi kaŵirikaŵiri sililoŵa pa njinga ya kampani ina. Mtengo ukakwera simungathaŵe. Mwagula njinga, koma mwalembedwa ntchito popanda malipiro, ndipo bwana wanu simudzamuona nkhope. Makolo anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Vuto limeneli lili ndi mankhwala, ndipo mankhwalawo ngodziŵika. Amene munagwirapo mafoni akale mukukumbukira chipwirikiti cha matchaja: ka pini kakang'ono, ka pini kakakulu, kaphanthiphanthi, kampani iliyonse ndi kake. Maiko a European Union anaika lamulo lakuti kuyambira mu December 2024 mafoni onse atsopano ogulitsidwa kumeneko akhale ndi polumikizira pamtundu umodzi, USB-C, ndipo ngakhale Apple anagonja. Mu 2021 makampani a Honda, Yamaha, KTM ndi Piaggio anapangana kugwirira pamodzi ntchito yopanga muyezo umodzi wa mabatire osinthitsa a njinga zamoto. Ku Taiwan njinga za Yamaha zina zimagwiritsira ntchito mabatire a Gogoro. Chotero nzotheka. Tsiku limene batire la pa siteshoni iliyonse lidzaloŵa pa njinga iliyonse, theka la mkangano wangawu lidzatha, ndipo ndidzakondwa kulitaya. Koma tsikulo lisanafike, musalipire ndalama zanu kaamba ka lonjezo.

Dzuŵa ndi Denga la Malata

Tsopano tiyeni tiŵerengere ndi mayuniti, popeza aliyense amene anagulapo magetsi a ZESCO amawadziŵa. Batire la galimoto yaikulu yamagetsi limamwa mayuniti pakati pa 50 ndi 100. Batire la njinga yamoto limamwa mayuniti 3 kapena 4 okha. Panelo imodzi ya sola ya mawati 400, patsiku loŵala bwino, imapereka pafupifupi mayuniti 2. Chotero mapanelo aŵiri kapena atatu, ndi inveta yoyenerera, akhoza kudzaza batire la njinga tsiku limodzi. M'miyezi ya September ndi October, pamene madzi a Kariba ali pansi ndipo malaiti akuzimazima, mpamene dzuŵa la kuchigwa cha Luangwa limaswa mtengo.

Mudzandifunsa kuti, "Koma masana njinga ili pamsewu. Idzatchajidwa liti?" Funso limeneli nlabwino, ndipo yankho lake lidzakudabwitsani: mudzasinthitsa batire. Inde, kusinthitsa! Batire la njinga nlopepuka, munthu amalinyamula ndi manja. Pali njinga, monga za kampani ya Roam ya ku Kenya, zimene batire lake limachotsedwa ndi kutchajidwa pa soketi ya m'nyumba. Limodzi lili panjinga, linalo likumwa dzuŵa. Masana mukabwera kudzadya nsima mumasintha. Chimene ndakhala ndikukana chiyambire si kuchotsa batire ndi kuikapo lina ayi. Ndikukana kusinthitsa ndi mlendo amene ali ndi mphamvu yonse pamene inu mulibe iliyonse.

Sindikubisirani kuti batire lachiŵiri nlodula, ndi kuti mapanelo ndi inveta si za ulere. Mnyamata mmodzi sangathe. Koma kodi si inu amene mumachita chilimba? Kodi magulu a banki ya m'mudzi sanagulire amayi anu malata ndi feteleza? Anyamata ndi atsikana asanu ogula njinga zamtundu umodzi akhoza kusonkherana mabatire owonjezera aŵiri kapena atatu ndi mapanelo ake. Batire lililonse lilembedwe nambala ndi penti, ndipo pakhale buku losonyeza amene watenga liti ndi kubweza liti. Pa ulendo uliwonse patulani kangachepe koika m'thumba logulira batire latsopano, pakuti tsiku lidzafika pamene akalewo adzatopa, ndipo gulu limene silinasunge lidzapasuka ndi ndewu. Ngati wina abweza batire lovulala, mumdziŵa, mudziŵa amayi ake, ndipo nkhaniyo ikhoza kukambidwa pamaso pa anyakwaŵa. Mwamuna uja wa pa boma amene anapereka batire la amalume kwa munthu wina sindikanatha kumtengera kulikonse.

Ndipo malo otchajira alipo kale. Kwezani maso pa Sande mukamatuluka m'mapemphero. Denga la tchalitchi ndilo limodzi la madenga aakulu koposa a malata m'midzi yathu, ndipo masiku asanu ndi limodzi pamlungu limangowotcha abuluzi. Gulu la achichepere limene limalima munda wa ganyu kuti ligule mayunifolomu a kwaya likhoza kupempha akulu a mpingo chilolezo cha kuika mapanelo pamenepo ndi kumanga kachipinda ka njerwa pambali. Magetsi amodzimodziwo akhoza kutchaja mafoni ndi kuyatsa nyali ya ana a sukulu oŵerenga usiku.

Ndanena kachipinda ka njerwa mwadala. Apa ochirikiza masiteshoni amanena zoona, ndipo ndikuchenjezani mwamphamvu. Batire la lithium si lija la asidi limene tinali kuligogoda ndi mwala ndi kulumikiza ndi waya wa msampha. Musalitchajire m'nyumba yaudzu, kapena m'chipinda chogona, kapena pafupi ndi mbaula. Musagwiritsire ntchito tchaja chosakhala chake. Likatupa, likanunkha, likagwa pamwala kapena kumira mumtsinje powoloka, musaliikenso pamagetsi. Moto wake ngwaukali ndipo suzimitsika ndi ndowa imodzi ya madzi. Gulu lililonse litumize mmodzi, ndipo bwanji osatumiza mtsikana, kukaphunzira za magetsi a sola pasukulu ya ntchito zamanja. Ameneyo adzadya bwino kuposa oyendetsa njingawo.

Mkuwa Ngwathu

Pali chinthu china chimene chimandiŵaŵa. Galimoto yamagetsi imafuna mkuwa wochuluka kuŵirikiza katatu kapena kanayi kuposa ya petulo, ndipo mkuwawo umakumbidwa kwathu. Mu April 2022, mu Lusaka, Zambia ndi Democratic Republic of Congo anasaina pangano la kugwirizana pa ntchito yopanga mabatire a magalimoto amagetsi. Ameneŵa ndi maganizo abwino. Akuluakulu anu akukumbukira njinga za Eagle zimene zinali kupangidwa pa Luangwa Industries mu Chipata, ndipo adzakuuzani kuti chinthu chopangidwa pafupi chimakhala ndi masipeyala pafupi. Kungakhale kochititsa manyazi kuti mwana wa dziko lokumba mkuwa akhale wobwereka batire moyo wake wonse.

Chotero pamene phungu wanu wa nyumba ya malamulo kapena khansala abwera pamsonkhano, musangopempha mipira ndi majezi. Mfunseni ngati boma lidzalamula kuti mabatire a njinga zoloŵa m'dziko muno akhale a muyezo umodzi. Mfunseni ngati ndalama za CDF zoperekedwa kwa magulu a achichepere zingagulire gulu lanu mapanelo ndi mabatire. Mfunseni kumene mabatire otopa adzatayidwa, pakuti sitifuna kuti ana adzawatole kudzala.

Ndipo pamene wogulitsa uja afika pa boma ndi njinga yonyezimira ndi chimkuzamawu, mlandireni mwaulemu, mpatseni mpando, ndipo musasaine pepala tsiku lomwelo. Mfunseni kuti batirelo nlayani. Mfunseni ngati lingatchajidwe pa soketi ya kunyumba kapena pa sola, ndipo akusonyezeni tchaja chake ndi maso. Mfunseni amene amaika mtengo wosinthira, ndi ngati mtengowo walembedwa m'pangano. Mfunseni ngati kampani ikhoza kutseka batire muli pakati pa ulendo ndi wodwala kumbuyo. Mfunseni chimene chidzachitikira njinga yanu ngati siteshoni ya pa Nyimba itsekedwa ndipo yotsatira ili ku Petauke, ndi ngati panthaŵiyo adzakulolani kugula batirelo kuti likhale lanu. Mayankho ake awalembe papepala, asaine, ndipo pepalalo mupite nalo kunyumba kuti munthu wina wodziŵa kuŵerenga mapangano aliŵerenge nanu musanatulutse ngwee.